Magazi m'Phanga la Chinjoka

Pa doko lathu la Dolgae, kumwera kwa chilumba cha Geoje, panalibe banja limene anthu ankalisirira ngati la Ok Mansik ndi mkazi wake Hyesun. Ine ndinadya nawo phwando la ukwati wawo, ndipo patapita zaka makumi awiri ndi zitatu ndinakhala nawonso m'khothi. Zambiri zimene ndikunena pano zinatuluka pakamwa pa eni ake.

Mansik ankayendetsa boti la alendo. Ulendo wake unali umodzi pa tsiku: kunyamuka naini koloko m'mawa, kuzungulira tizilumba titatu, kulowa m'Phanga la Chinjoka, kutsitsa anthu ola limodzi pa chilumba cha maluwa ofiira, n'kubwerera pa doko dzuwa lili paliwombo. Maboti ena onse ankathera pakhomo pa phangalo, alendo n'kujambula zithunzi, basi. Mansik yekha ndiye ankalowetsa boti la anthu makumi anayi mpaka mkati, mumpata woti wokwera akatambasula dzanja ankakhudza thanthwe. M'phangamo mulibe pokhotera. Munthu amatulukamo chafutambuyo, mafunde akumukankha, ndipo Mansik ankatuluka osakanda ndi penti yomwe.

Hyesun ankagwira chimkuzamawu. Mwala uliwonse anali nawo ndi nkhani yake, ndipo nkhanizo zinkasintha malinga ndi amene akwera. Akalowa m'phanga ankauza azimayi achikulire aja obwera ndi mabasi kuti dontho limodzi logwa kudenga likakugwera pachipumi limachotsa zaka khumi. Onse ankangoti nkhope m'mwamba, kukamwa yasa.

"Agogo a jekete yofiira, tsekani pakamwa," ankatero Hyesun. "Mwameza kale madontho asanu ndi awiri. Mufuna tikakuperekeni kwa ana anu muli pamsana?"

Boti lonse linkagwa nako kuseka, ndipo Mansik, amene sankaseka wamba, ankamwetulira kuseri kwa galasi la chipinda chake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dasom, anali ku yunivesite ku Busan. Masana onse anali awo. Ankadyera limodzi msuzi wa nsomba pa boti pomwepo, miyendo ili lende pamwamba pa madzi.

Panalinso Pyo Jaedu, mwini kaboti konyamula anthu okawedza. Mayi ake a Mansik anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo amene anamulera ndi amayi ake a Jaedu, mayi wolimba amene moyo wake wonse ankamira pansi pa nyanja kukatola nkhono. Anyamata awiriwo ankadyera m'mbale imodzi, kukwapulidwa ndi ndodo imodzi. Jaedu anali wamng'ono ndi zaka ziwiri, motero ankati "achimwene" kwa Mansik, "alamu" kwa Hyesun. Mkazi wake atamwalira sanakwatirenso. Ankakhala ndi amayi akewo m'nyumba ya denga la buluu kumtunda kwa doko.

Tsoka silinabwere ndi mkazi kapena mwamuna. Linabwera ndi maso.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, Mansik anayamba kuona ngati munthu wosuzumira m'paipi. Za kutsogolo zinkaoneka bwinobwino, koma m'mbali munali nkhungu. Dokotala wa ku Busan anamuuza kuti mitsempha ya maso ikufa, mankhwala angoichedwetsa chabe. Chaka chotsatira laisensi yake inkayenera kukonzedwanso, ndipo asanaikonze amayamba ayeza maso. Mansik sanauze munthu. Lachinayi lililonse masana ankakwera basi kupita kuchipatala, kunyumba atasiya mawu akuti akukafuna zitsulo za injini.

Koma mkazi amene wagona nawe mphasa imodzi zaka zonsezo sungamubisire chifuwa. Hyesun ankaika tiyi pambali pa dzanja la mwamuna wake, mwamunayo n'kumafunsa kuti tiyi ali kuti. Anapeza kabotolo ka mankhwala a m'maso m'bokosi la masipanala, n'kukafunsa wogulitsa mankhwala wa ku tauni ya Gohyeon, kumene sankamudziwa. Kenako m'mawa wina boti linakhula thanthwe potuluka m'phanga, alendo n'kukuwa. Mansik anati ndi funde. Pa chakudya Hyesun anayesa kuyambitsa nkhani ya maso, koma mwamunayo anaponya timitengo todyera pansi n'kunena kuti maso ake amaona kuposa a wina aliyense pa dokopo, ndipo nkhani imeneyo isadzatchulidwenso m'nyumba mwake. Hyesun anakumbukira apongozi ake aamuna, amene atangosiyitsidwa boti chifukwa cha ukalamba anakhala pakhonde akumwa mpaka kufa chaka chisanathe. Nkhani ya maso sanaitchulenso.

Anaganiza zoti aphunzire yekha kuyendetsa boti, atenge laisensi, kuti tsiku loipalo likadzafika boti lisadzachoke m'banjamo, Mansik adzakhalebe m'chipinda chake chija pambali pake monga kaputeni. Za m'mabuku akanatha kuwerenga yekha. Koma phanga linafuna mphunzitsi, ndipo wodziwa phangalo pambuyo pa Mansik anali mmodzi yekha.

Jaedu atamva anakanda m'mutu kwa nthawi. "Alamu, achimwene akadzamva, tonse awiri tidzasambira mpaka ku Japan."

Hyesun anamuuza kuti ikangomveka pa doko nkhani ya maso, palibe bungwe la mabasi limene lidzabweretsenso alendo kwa iwo, ndipo Mansik sadzadzutsanso mutu. Jaedu analumbira kuti ngakhale amayi ake sadzawauza. Anagwirizana za Lachinayi masana, basi ya ku Busan ikangonyamuka.

Apa ndi pamene mtima umandipweteka ndikamaikumbukira nkhaniyi. Mwamuna anabisa chifukwa cha manyazi, mkazi anabisa chifukwa cha chikondi, koma chinsinsi ndi chinsinsi basi, sichifunsa kuti wachisungiranji. Anthu awiri ankagona pamodzi, aliyense atakumbatira bodza lake, pakati pawo n'kutsala mpata woti munthu wachitatu alowetsepo lilime.

Lilimelo linali la Mayi Tak, wogulitsa nsomba zouma ndi mankhwala a chizungulire pafupi ndi pogulira matikiti. Mayiyu anali ndi mng'ono wake wosiyidwa ukwati amene kwa zaka zitatu ankamukankhira kwa Jaedu, Jaedu n'kumakana mwaulemu. Tsopano anaona Hyesun, chipewa chili chophimba nkhope, akutsikira m'kaboti ka Jaedu kuseri kwa nyumba yosungiramo ayisi wa asodzi. Anaonanso Lachinayi lotsatira, ndi linzakenso. Anati wapeza chifukwa chimene mng'ono wake ankakanidwira. Pasanathe mwezi nkhani inali itafika kwa wometa tsitsi, kwa okonza maukonde, mpaka kwa azimayi a ku tchalitchi cha pa phiri. Monga mwa masiku onse, mwini nkhani ndiye anamva pomaliza.

Tsiku lina Mansik akumanga chingwe, amuna angapo ali chiimire pomwepo, Mayi Tak anamuitana ndi mawu okoma ngati uchi.

"A kaputeni, ndimayesa m'Phanga la Chinjoka mumalowa boti lanu lokha. Kani Lachinayi masana mumalowanso kena?"

Mansik anafunsa kuti akutanthauza chiyani.

"Ine ndimangogulitsa nsomba, bambo. Koma mukawauze mayi a Dasom kuti mapanga awiri avumbwitsa."

Amuna aja anayang'ana kumbali. Mmodzi anatsokomola kubisa kuseka. Ndi kutsokomola kumeneko kumene kunamulasa Mansik, chifukwa anazindikira kuti doko lonse linkadziwa kalekale. Kwa miyezi yambiri ankadzimva kuti umuna wake ukutha pamodzi ndi maso ake. Tsopano anapeza woti amuloze chala.

Madzulo ake, mpunga uli patebulo, anafunsa mkazi wake kumene anali Lachinayi lapitalo. Hyesun anati anapita ku Gohyeon kukakonzetsa tsitsi.

"Tsitsi lake liti? Ili lonunkha mchereli?" Anamugwira dzanja n'kulitembenuza. "Nanga matuza awa? Chimkuzamawu chinayamba liti kutulutsa matuza?"

"Ndisiyeni, mukundipweteka."

"Ndikukupweteka ine? Doko lonse likundiseka, agalu omwe akundiseka, iwe ukuti ndikukupweteka? Unakwera kaboti ka ndani?"

"Bambo a Dasom, zaka zonsezi mwayamba lero kumvera za Mayi Tak?"

"Ndakufunsa kuti kaboti ka ndani."

"Nanga inu ku Busan mumakatani? Injini yake iti yofuna zitsulo sabata ndi sabata, chikhalirecho sindinaonepo ndi bawuti imodzi yomwe? Yambani inu kunena zoona, ine nditsatira."

Pamenepo chitseko cha choonadi chinali chotsegula. Mawu amodzi okha, ochokera kwa aliyense wa iwo, akanapulumutsa moyo wa munthu. Koma Mansik anamva ngati mkazi wake akumutonza, akumuvula pagulu. Anakankha tebulo, mbale n'kusweka, msuzi n'kuyenderera pansi.

"Hule iwe, ndi mng'ono wanga weniweni. Munthu wodya naye m'mbale imodzi."

"Mukanditchulanso dzina limenelo, mudzalilirira," anatero Hyesun. "Mundipatse milungu iwiri. Milungu iwiri yokha, ndidzakuikirani chinthu patebulo pano, ndipo mudzachita manyazi."

Iye ankanena laisensi, pakuti mayeso anali atayandikira. Mansik anamva kalata yothetsa ukwati.

Sindinganame kuti m'mitima ya awiri aja munalibe kanthu konse. Hyesun anadzavomera yekha pambuyo pake kuti ankaliyembekezera Lachinayi. Kunyumba kunali munthu wokwiya, wosalankhula. Pa kaboti panali munthu woleza mtima amene ankaseka akalakwitsa, n'kunena kuti tiyeni tiyambirenso, alamu. Jaedu naye anaona kumene mtima wake unkalowera, ndipo anachita mantha. Anali atauza kale amayi ake kuti mwezi wamawa apita ku chilumba cha Jeju kukagwira ntchito kwa kanthawi. Koma kupatula dzanja lowongolera dzanja linzake pa chiwongolero, sanakhudzanepo. Anthu awiriwa anauona moto n'kuuzungulira patali. Amene anaugwera ndi uja anangomva za utsi.

Lachinayi lotsatira Mansik anakwera basi monga mwa masiku onse, koma anatsika pa siteji yachiwiri. Anakwera phiri la nsanja ya nyali yolondolera zombo ali ndi magalasi oonera patali. M'magalasi amenewo maso ake sankamunamiza. Anaona mkazi wake akuseka mutu uli chagada, kuseka kumene iye anali asanakumve chaka chathunthu. Anaona dzanja la Jaedu pamwamba pa dzanja la mkaziyo. Kenako kaboti kanazimirira kuseri kwa thanthwe. Khomo la phanga limayang'ana ku nyanja yaikulu, pa phiripo silioneka, motero sanaone kabotiko kakulowa ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka, kasanu ndi kawiri. Anangoona wotchi yake. Ola limodzi ndi mphindi khumi.

Anatsika phirilo ali munthu wina. Mkwiyo unali utazizira, n'kusanduka chinthu cholimba ngati mwala.

Sabata imeneyo Mansik anali mwamuna wabwino. Anapepesa za mbale zija. Anagulira mkazi wake mapichesi. Loweruka anaitana Jaedu kukamwa mowa wa soju, n'kumamuthirira yekha, akumukumbutsa za ubwana wawo, mpaka Jaedu anatsala pang'ono kuulula zonse chifukwa cha chisoni, koma anakumbukira lumbiro lake. Lamulungu Mansik anakadya kwa amayi ake a Jaedu, mayiwo n'kumamusankhira minofu ya nsomba monga ankachitira kale, akumudandaula kuti waonda. Anadya zonse, anathokoza, anawerama potsanzika. Lachitatu madzulo anamasula matayala akale asanu amene amamangidwa kumphuno kwa boti kuti likagunda chinthu lisaphwanye. Wokonza maukonde wina atamufunsa, anati akufuna kupakapo penti.

Munthu wopsa mtima amachititsa mantha, koma woopsa zedi ndi amene waphika kale chiwembu chake n'kumamwetulira. Nsanje ikafika pamenepo safunanso kudziwa zoona. Atapatsidwa umboni woti walakwitsa, angaukane, chifukwa kubwezera kwayamba kale kumukomera.

Lachinayi kunacha bwino, nyanja ili bata. Anakwera alendo makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi: gulu la azimayi a ku Daegu, aphunzitsi opuma ntchito, ndi anyamata ndi atsikana angapo ogwirana manja. Mbalame zoyera zinatsatira boti, alendo akuziponyera timabisiketi. Hyesun anali wosangalala kuposa masiku onse, poti mayeso anali Lolemba ndipo mwamuna wake anali atafewa. Pa chilumba cha maluwa anagula khofi makapu awiri n'kukamupatsa imodzi m'manja. M'phanga ananena nthabwala yake ya madontho, azimayi a ku Daegu n'kuyamba kuimba, mawu awo akubwerera kuchokera m'matanthwe. Mansik sankamva nyimbo. Ankayang'ana khoma la kumapeto kwa phanga, pamene madzi amathera pa thanthwe losongoka, akuyeza ndi maso kutalika kwake.

Anatsitsa alendo thwelofu koloko. Anakwera basi ya hafu pasiti wanu, anatsika pa siteji yachiwiri, n'kubwerera wapansi kudzera njira ya m'minda. Anadikira kuseri kwa nyumba ya ayisi mpaka kaboti ka Jaedu katazimirira. Kenako anamasula boti lake. Mayi Tak anamuona akutuluka yekha, popanda mlendo ndi mmodzi yemwe, ndipo anthu amati nsomba imene anali nayo m'manja inagwa pansi. Sanaimbire foni munthu aliyense.

Ulendo wa mphindi makumi anayi anauyenda mphindi makumi awiri ndi zisanu. Atazungulira thanthwe, khomo la phanga linali patsogolo pake, lakuda bii, ndipo mkati munkamveka injini yaing'ono. Kaboti kanali kakutuluka chafutambuyo. Jaedu anaimirira kumbuyo kwake, ndodo yokankhira thanthwe ili m'manja, akufuula kuti pang'ono kumanzere, alamu, pang'ononso. Atamva injini yaikulu anatembenuka. Analidziwa botilo. Anataya ndodo n'kukweza manja onse awiri.

"Achimwene, imani! Muli anthu muno!"

Mansik anamuona bwino lomwe, nkhope yonse, pakati penipeni pa kuona kwake. Anakankha chitsulo chowonjezera moto wa injini mpaka kumapeto.

Mphuno ya boti, yopanda tayala ndi limodzi lomwe, inamenya Jaedu pachifuwa n'kukwera pa kaboti, kukakankha mpaka ku khoma lija. Phokoso lake akuti linamveka kwa asodzi amene anali kuseri kwa chilumba. Kaboti kanapindika ngati chitini. Hyesun anaponyedwa m'madzi, mwendo wake wamanzere utaphwanyika pakati pa matabwa ndi thanthwe. Injini zonse ziwiri zinazima, m'phangamo n'kutsala madontho okha akugwa kudenga.

Mansik anatuluka m'chipinda chake. Jaedu anali atapanikizika pansi pa mphuno ya boti, maso ali tong'o, magazi akutuluka m'kamwa ndi kufiiritsa madzi. Anali atavala zovala zake zonse, mpaka jombo. Hyesun nayenso, amene anali atakangamira thanthwe, anali m'jekete yopulumutsira anthu, magolovesi ali m'manja. Pamadzi pankayandama buku la malamulo a panyanja, masamba ake odzaza ndi zolemba za dzanja limene Mansik ankalidziwa.

Anakoka mkazi wake n'kumukweza m'boti. Hyesun sanalire. Anamuyang'ana, milomo ili buluu, n'kulankhula motsitsa.

"Ndinkadziwa za maso anu kuyambira chaka chatha. Jaedu amandiphunzitsa phanga kuti boti lisadzakuchokeni. Mayeso anali Lolemba."

Atatero anakomoka. Mansik anakhala pansi pomwepo, mkazi wake ali pamiyendo, mng'ono wake ali pansi pa boti. Asodzi aja ndi amene anaitana apolisi a panyanja. Anamupeza asanasunthe.

Mlandu unazengedwa ku Tongyeong patapita miyezi isanu. Hyesun anali atadulidwa mwendo pansi pa bondo. Loya wa Mansik anapeza pothawira: anabweretsa makalata a dokotala wa ku Busan n'kunena kuti munthuyu ndi wodwala maso, analowa m'phanga lamdima kuchokera pa dzuwa, sanaone kaboti, inali ngozi. Matenda amene Mansik anawabisa mpaka kupha munthu anawerengedwa mokweza pamaso pa doko lonse, tsamba ndi tsamba. Iye anangoweramitsa mutu. Dasom anali atamupempha akulira kuti asatsutse loyayo, ndipo anavomera.

Woimira boma anaitana woyendetsa basi, amene ananena za siteji yachiwiri. Anaitana wokonza maukonde, amene ananena za matayala. Anaitana Mayi Tak, amene analumbira kuti sananenepo kanthu za munthu aliyense, iye ndi wogulitsa nsomba chabe, ndipo anthu kumbuyo anang'ung'udza mpaka woweruza anawaletsa. Pomaliza anaitana Hyesun.

Analowa ndi ndodo ziwiri, osayang'ana kumene kunali mwamuna wake. Anafotokoza zonse, kuyambira pa kapu ya tiyi mpaka pa buku la mayeso. Loya atamufunsa ngati ankamukonda malemuyo, anayankha kuti ankakonda kukhala naye pafupi, ndipo ngati umenewo ndi mlandu amuweruze, koma thupi lake silinadziwepo mwamuna wina. Ndiye loyayo anafunsa funso limene ankalidalira: ngati iye mwini akuvomera kuti mwamuna wake ndi wodwala maso, kodi sizotheka kuti sanaone?

Dasom anali kumbuyo, manja atagwira pakamwa. Aliyense ankadziwa kuti yankho la mayi ake likhoza kuchotsa zaka khumi pa chilango. Hyesun anatembenuka koyamba n'kumuyang'ana Mansik.

"Matenda ake ndawawerenga kuposa iye mwini. Saona za m'mbali. Za kutsogolo amaona kuposa inu ndi ine. Jaedu anali kutsogolo kwake, manja ali m'mwamba, akumuitana kuti achimwene. Anamuona. Ndinamva injini ikukwera, osati kutsika."

Woweruza anati uku kunali kupha kokonzekera, kochitidwa ndi munthu amene anakhala sabata yathunthu akudya ndi kumwa ndi amene ankafuna kumupha. Anamupatsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Hyesun anasaina kalata yothetsa ukwati mwezi womwewo, anagulitsa boti, n'kusamukira kwa mwana wake ku Busan. Pa doko sanabwererenso. Dasom analemba makalata awiri chaka choyamba, kenako anasiya.

Mlendo mmodzi yekha ndi amene sanasiye kupita kundende. Mwezi uliwonse, sabata yoyamba, amayi ake a Jaedu, a zaka makumi asanu ndi atatu, amakwera mabasi atatu kuti akafike kumeneko. Ulendo woyamba Mansik atauzidwa amene wabwera, anagwada pansi kuseri kwa galasi, akulira ngati mwana, akupempha kuti amutukwane, amutemberere, anene chilichonse. Mayiwo anangomuyang'ana mpaka mphindi khumi zinatha. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Ulendo wachitatu Mansik anawafunsa kuti, amayi, mumadzavutikiranji mtunda wonsewu chifukwa cha galu ngati ine?

Mayiwo anasendeza nkhope pafupi ndi galasi.

"Ukudya?"

Mansik anati chakudya sichikulowa.

"Uzidya. Ndamva kuti unayesa kudzimangirira. Usadzayesenso. Mwana wanga unamupatsa mphindi imodzi, koma iwe ndikufuna uzimalize zaka zakozo, tsiku ndi tsiku, osaphonya ndi limodzi lomwe. Ndinakulera ndi manja awa, ndikudziwa kuti sungakane kutuluka ndikakuitana. Ndizibwera kuti uziona nkhope ya Jaedu pa nkhope yangayi. Ukadzasiya kuona, uzidzamva mawu anga."

Ndipo Mansik amatulukadi. Lamulo limamulola kukana mlendo, koma sanakanepo. Alonda amati masiku atatu mayiwo asanabwere sagona, ndipo akachoka amakhala moyang'ana khoma mpaka belu la chakudya, n'kudya zonse zimene wapatsidwa, monga anauzidwira.

Anthu a pa doko amakonda kunena kuti Mayi Tak ndiye anapha Jaedu, ena amati ndi chinsinsi cha Hyesun. Onsewo ali ndi gawo lawo, ndipo adzalisenza. Koma miseche ilibe manja, siingamasule matayala kumphuno kwa boti. Mansik anali ndi masiku asanu ndi awiri. Anakhala moyang'anizana ndi mng'ono wake, botolo lili pakati, ndipo funso limodzi lolunjika likanamubwezera mkazi, mbale ndi ulemu wake. Sanalifunse, chifukwa kufunsa kumafuna munthu wovomera kuti mwina walakwitsa, pamene kubwezera kumangofuna mkono. Anasankha chopepukacho. Wamaliza zaka zinayi tsopano. Zatsala khumi ndi zinayi, ndipo mayi uja akadali ndi mphamvu zokwera basi.